Chitowe cha Kuseri kwa Chinangwa

Ku Ngara mwana wosadya nsomba amadziwika mudzi wonse. Ine ndinali mwana ameneyo. Ndikangolawa usipa milomo inkatupa, thupi lonse zidzolo. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndiye amene ankavutika nane ndi agogo, mayi awo a mayi anga.

Namwino wina anawauza kuti pali mafuta ena amene thupi silingapange lokha, koma limawafuna kuti khungu, maso ndi ubongo zikhale bwino. Anzanga ankawapeza mu usipa. Ine ndinayenera kuwapeza m'chitowe, mtedza ndi nthanga za maungu. Anatinso soya asamasowe, chifukwa ali ndi mtundu wina wa mafutawo umene m'chitowe ndi wochepa. Kuyambira pamenepo agogo anapatula kamunda kuseri kwa chinangwa. Chitowe cha mmenemo sichinali chogulitsa. Ankachikazinga, kuchisinja mpaka chitachita noninoni, n'kuchithira m'chigwada kapena m'phala langa la soya.

Chaka chimene ndinali sitandade seveni, agogo anapita ku Boma kukachotsa ng'ala m'diso, ndipo anakhalako masabata atatu. Pakhomo anasiya asibweni, mlongo wawo wa malemu mayi, munthu wa panyanja amene khasu ankaligwira ngati lobwereka.

M'mawa wina ndinaona masamba a chitowe achita chikasu, a m'munsi akuyoyoka. Ndinatenga chisikilo.

"Iwe, ukupita kuti ndi chimenecho?" anafunsa asibweni, akusoka ukonde.

"Kukadula chitowe."

"Chachiwisi chija? Chisiye chiume ngati chimanga."

"Chikauma chili chiimire makoko amathetheka, asibweni. Mbewu zonse zimathera pansi."

Anaseka mpaka kusiya ukondewo. "Lero wayankhula! Ine ndimayesa pakamwapo pamangolowa phala. Chabwino, mlangizi. Koma undisiyire mzere umodzi, tione wamisala ndani. Ndipo ukawononga, amama ukawayankhe wekha."

Palibe anandiphunzitsapo ntchitoyi. Agogo sankafotokoza zinthu, inenso sindinkafunsa. Koma chaka ndi chaka ndinkawaona akuwerama, kutsina khoko la pansi, kenako n'kutuma munthu kukanola chisikilo. Ndinkadziwanso kuti chitowecho chikatayika, ndiwo zanga zikhala masamba a madzi ndi mchere mpaka chaka china.

Ndinadula masiku awiri, ndikaweruka kusukulu. Ndinamanga mitolo ing'onoing'ono ndi luzi, n'kuiimika motsamirana pamalo osesa bwino, mitu kumwamba. Manja anatuluka matuza. Asibweni akamadutsa ankafuula, "Kodi ndiwo zako zamasambazo zapsa?" Ine ndinkangopitiriza kumanga mitolo yanga.

Patatha sabata ndi theka mzere wawo uja unauma gwa. Unaoneka wokongoladi. Koma masana dzuwa likatentha timakoko tinkayasama, kamphepo ka kunyanja kakawomba mbewu n'kumawazika. Nkhuku za mudzi wonse zinasamukira komweko.

Agogo anabwera atavala magalasi akuda. Asanamwe n'madzi omwe anazungulira kuseri. Anaima pa mzere wa asibweni, kuthyola khoko limodzi, kulisuzumira: mbee. Kenako anaona mitolo.

"Wadula ndani?"

"Ine, agogo."

"Tenga mphasa."

Ndinayala. Anazondotsa mtolo umodzi n'kuugogoda ndi kamtengo. Chitowe chinawayawaya pamphasa ngati mvula yoyamba, choyera, chosaleka. Anatapa pang'ono, kutafuna, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, nanga mzere uwo unasiyira alendo ako a nthenga?"

"Amama, ndimafuna kumuyesa mwanayu."

"Wayesedwa ndiwe. Gwira mtolo."

Anagwira, ndipo tinapuntha tonse atatu mpaka mitolo inatha. Chitowe chinadzadza ndowa ndi mtsuko wakale wa agogo, ndipo chinandifikitsa pa china chatsopano. Chaka chotsatira masamba atayamba chikasu, agogo sanapite n'komwe kumunda. Anangondifunsa ali pakhonde, "Tidula liti?"

Ndinati Lachinayi.