Zimene Tinalemba pa Envulopu ya a Sakala

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera m'kwaya. Ndinali nditangomaliza kuphunzira taipi, ndikukhala kwa azakhali anga ku Nabvutika, ndipo Loweruka lililonse ndinkataipa mapepala a nyimbo za Misa pa taipilaita ya kuparishi. Mayi wina woimba nafe ataona kuti sindilakwitsa zilembo, anandiuza kuti amuna awo, a Mwale, akufuna mtsikana wa pa kompyuta. A Mwale anali manijala pa kampani ina yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a thonje, imodzi mwa zija zinabwera m'Chipata chapakati pa zaka za m'ma 1990, makopaletivi atayamba kugwa. Kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo. A Mwale anati bola zala zikudziwa pamene pali zilembo, zinazo ndiphunzirira pomwepo.

Kampaniyo inali ndi ogulitsa anayi oyenda pa njinga zamoto. Ankazungulira masitolo a kumidzi, wina njira ya ku Katete, wina ya ku Lundazi, wina ya ku Chadiza, ndipo a Jere, amene anali wamkulu mwa onse, ankayenda dera la Chiparamba. M'kompyuta munali pulogalamu yochokera ku Lusaka yosungira makasitomala. Mwini sitolo aliyense anali ndi khadi lake pa sikirini, la mizere yokhala ndi manambala. Mzere 1 unali dzina, 2 dzina la sitolo, 3 bokosi la positi, 4 tauni. M'munsi munali tsiku limene wogulitsa anapitako komaliza, katundu amene sitoloyo imakonda, ndi tsiku loti adzapiteko. Mzere 14 unali wa ndemanga.

Lachisanu ogulitsa ankabwera ndi mafomu a maulendo awo, ofiira ndi fumbi. Ine ndinkasaka dzina ndi batani la F5, n'kulemba zimene zili pafomu, n'kudina F2 kuti zisungike. Lolemba m'mawa pulinta inkalira ikutulutsa mndandanda wa masitolo amene aliyense aziyendera sabata imeneyo. Poweruka ndinkakopera zonse pa disiketi chifukwa magetsi sankachedwa kuthima. Za ndemanga, a Mwale anandilamula kuti ndizilemba monga zilili pafomu, osawonjezera, osachotsa. Ndinkaterodi. Munthu ukazolowera taipi, mawu amachoka m'maso n'kupita kuzala osadutsa mumtima.

Mvula ili pafupi, kampani inakonza msonkhano woonetsa eni masitolo mbewu yatsopano ya chimanga chocha msanga. Makalata oitanira anthu anachedwa kubwera, ndiye tinali ndi tsiku limodzi lokha loti apite kupositi. Pulogalamu ija inkatha kusindikiza maadiresi pa timapepala tomata pa envulopu. Umangoiuza manambala a mizere imene ukufuna. Ndinayenera kulemba 1, 2, 3, 4. Pomaliza chala chinagunda mabatani awiri, ndinalemba 14 m'malo mwa 4.

Timapepala toyambirira ndinatiyang'ana. Tinali ta masitolo atsopano a m'tauni, amene analibe ndemanga iliyonse, choncho mzere womaliza unatuluka wopanda kanthu, ndipo ine sindinazindikire kuti mawu oti Chipata palibe. Mpukutu wonse ndinaupereka kwa amayi awiri osoka matumba kunkhokwe kuti amate, ine n'kumapinda makalata. Amayiwo sankawerenga Chingerezi. Anamata mowongoka bwino, makalata n'kupita.

Patatha sabata, Lachiwiri m'mawa, foni inalira. Anali mwini sitolo wina wa ku Katete. Ndinkamva a Mwale akuti pepani, pepani, nkhope ikusintha. Ataika foni anandiuza kuti nditsegule khadi la munthuyo. Pa mzere 14 panalembedwa kuti amakonda mowa, muzimupeza m'mawa asanayambe. Mawu amenewo ndi amene anali pa envulopu yake, pansi pa nambala ya bokosi. Nditatsegula pamene ndinakonzera timapepala tija, ndinaona 14. A Mwale sanakalipe. Anangofunsa kuti makalata anapita angati, ine n'kuyankha kuti onse.

Chisanakwane chakudya chamasana tinali titalandira mafoni ena atatu. Wina tinamulemba kuti salola munthu kulankhula, wina kuti sitolo ndi ya mkazi wake, iye ndi mlonda chabe. Womalizayu anachita kubwera ku ofesi, natukwana pakhomo mpaka anthu odikira minibasi anasonkhana. Ndinkaganiza kuti zoipa zathera pamenepo.

Cha m'ma 2 koloko analowa bambo wina woonda, wovala jekete yomukulira, pamodzi ndi akazi awo. Anali a Sakala, eni kasitolo ka pafupi ndi sukulu ku Chiparamba. Anapereka moni mwaulemu kwa aliyense, anakhala pansi, n'kutulutsa envulopu m'thumba, kuiika patebulo langa. Ndinawerenga. Panali dzina lawo, sitolo yawo, bokosi la sukulu, kenako mawu achingerezi otanthauza kuti: ali ndi edzi, afa posachedwa, musataye petulo.

Sindinakumbuke n'komwe tsiku limene ndinalemba zimenezo. Koma palibe wina amene ankakhudza kompyutayo.

A Sakala anafotokoza mwapang'onopang'ono, akupumira pakati. Makalata a anthu a kwawoko ankafikira ku bokosi la sukulu. Envulopuyo inakhala masiku atatu patebulo m'chipinda cha aphunzitsi, aliyense wolowa akuiona. Tsiku lachitatu mphunzitsi wina anaipereka kwa mwana wamkazi wa a Sakala, wa giredi 7, kuti apite nayo kunyumba. Mwanayo anaiwerenga m'njira. Atafika anakana kudya, nalowa m'nyumba n'kuyamba kulira, ndipo panatenga nthawi kuti awauze makolo ake tanthauzo la mawuwo.

"Ine ndikumwa mankhwala a chifuwa chachikulu, mwezi wachinayi uno," anatero a Sakala. "Kuchipatala sanandiuzepo zimene zalembedwa apazi. Ndabwera kuti mundiuze, inu mwazidziwa bwanji?"

Akazi awo anawonjezera, maso ali pansi, kuti kuyambira Lachisanu ana asukulu asiya kugula zitumbuwa zawo, ndipo Lamlungu kutchalitchi amayi ena anasuntha pa benchi. Masiku amenewo anthu ankaopa ngakhale kumwera kapu imodzi ndi munthu womuganizira matendawo.

A Mwale anaitanitsa a Jere, amene anali kuseri akukonza tcheni cha njinga. Ataona envulopu anati iwo anangomva anthu akulankhula pamsika, ndipo analembera anzawo a muofesi, osati dziko lonse. Anandiloza, nati wolakwa ndi mtsikanayu. Zinali zoona, koma theka. Ndinaimirira, ndinagwada pafupi ndi mpando wa a Sakala, n'kunena kuti amene anaika mawuwo m'makina ndine, amene anawatulutsa pa envulopu ndinenso. A Sakala anandiyang'ana, nandifunsa:

"Mwanawe, pamene unkalemba kuti ndifa posachedwa, unkadziwa kuti ndine munthu?"

Kwa ine anali khadi lotuluka ndikadina F5.

A Sakala sanafune chipukuta misozi, ngakhale a Mwale anayesa kutchula. Anapempha chinthu chimodzi, kuti dzina lawo lichoke m'makinawo iwo akuona. Ndinatembenuza sikirini, ndinatsegula khadi lawo, ndinadina batani lofufutira. Kompyuta inafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinawamasulira, iwo anagwedeza mutu, ndinadina Y. Anafunsa ngati dzinalo lilinso kwina, ndipo ndinawasonyeza madisiketi. A Mwale anati tiwafufute onse n'kukopera mwatsopano, ndipo a Sakala anadikira mpaka ntchitoyo itatha.

Madzulo omwewo a Mwale anawaperekeza kwawo pa galimoto ya kampani, ndipo m'mawa mwake anabwererako kukalankhula ndi aphunzitsi, kuwauza kuti mawuwo anali mphekesera ya wantchito wawo, osati za kuchipatala. Ngati zinathandiza, sindidziwa. A Jere anachotsedwa ntchito kumapeto kwa mwezi. Ine ndinapatsidwa kalata ya chenjezo ndi ntchito yowerenga mzere 14 wa khadi lililonse, kufufuta chilichonse chosakhudza malonda. Zinanditengera masiku anayi. Ndinapeza za mitala, za ufiti, za mwana wa munthu amene anatenga mimba ali pasukulu. Zonsezo zinadutsa m'zala zanga, ndipo ndinkaziwerenga ngati ndikuziona koyamba.

Kasitolo ka a Sakala kanatsekedwa chaka chisanathe. Iwo anachira. Patapita zaka zingapo ndinakumana nawo pamsika m'tauni akugulitsa mtedza pa thumba, atanenepa ndithu. Anandizindikira, anandiyankha moni, koma sanafune kuti nkhani ipitirire, ndipo ine sindinawakakamize.

Ndagwira ntchito ya makasitomala zaka zambiri kuchokera pamenepo, pa mapulogalamu abwino kuposa ija. Ndisanatumize makalata ambiri ndimasindikiza ochepa, a koyambirira, a pakati ndi a kumapeto, n'kuwawerenga mokweza. Koma chimenecho n'chaching'ono. Wogulitsa akandibweretsera ndemanga ya munthu, ndimamufunsa ngati angathe kuinena mwiniwakeyo atakhala pampando apa, mwana wake ali pambali. Akayamba kukanda m'mutu, ndimamubwezera fomu yake.