Linki ya Maliro a Azakhali

Azakhali anga atamwalira ku Bwanje, mwana wawo mmodzi yekhayo anali ku Joni, mapepala ake atatha kalekale. Kubwera sakanatha. Anandiimbira akulira: "Msuweni, nyimbo ndi ulaliki ndilibe nazo ntchito. Ndingoona nkhope ya amayi asanatseke bokosi, basi."

Ntchito yanga ndi yomweyo. Ndili ndi kawebusayiti komwe ndimaonetserapo maukwati pompopompo, koma seva yake, kompyuta yotumiza kanema kwa oonera, ndi yaing'ono, yongokwana anthu a banja limodzi. Linki ndinatumizira iyeyo ndi bambo anga, omwe anali mwini mbumba. Koma bambo uthenga wa maliro amaudziwa mwa njira imodzi: ukaulandira, upatsire mnzako. Anaiponya pagulu la mpingo, la alimi a mpunga, la akwathu okhala kunja. Kumeneko nakonso anapatsirana.

Tsiku loika maliro ndinaimika foni pafupi ndi khomo la siwa, laputopu pampando, dzuwa la kuchigwa likuwotcha kale. Kwaya isanamalize nyimbo yoyamba, olowa pa linki anali atachuluka zoopsa, chithunzi n'kuyamba kudukaduka. Ndinachichepetsa kuti seva ipepukidwe, ndinatseka polemba ndemanga pomwe anthu ankangothira "pepani, pepani," koma ayi ndithu.

Ndinathamangira kwa bambo. "Bambo, anthu achuluka. Ndiloleni ndiwatulutse onse, atsale mwana wa malemu."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Iwe, unaona kuti munthu akuthamangitsidwa pamaliro? Ukufuna anthu atinene zotani?"

"Komatu awa sali pano, ali m'mafoni!"

"Abwera kudzalira. Asiye."

Ndinapsa mtima koopsa, koma sungakangane ndi bambo ako pamaliro anthu akuona. Ndinabwerera pampando paja.

Mkulu wa mpingo atangolengeza kuti tione nkhope, seva inagwa. Zii! Ndinaidzutsa, khamu lonse lija linakhamukiranso nthawi imodzi, n'kugwanso. Apo ndinasiya zomvera munthu, ndinaika pasiwedi kuti alowe msuweni yekha. Koma seva inkachedwa kudzuka, ndipo mzere wa oona nkhope unali kutha. Ndinazula foni ija kuti ndingomuimbira msuweni pavidiyo. Netiweki ya ku Bwanje nayo, kuzungulira, kuzungulira, ine thukuta kamukamu. Pomwe nkhope yake inkatulukira pafoni, adzukulu anali akukhoma chivundikiro.

Anaona bokosi lotseka. Sanakalipe, bola akanakalipa. Kumbuyo kwake kunkamveka magalimoto a ku Joni. Kenaka anati, "Chabwino. Undiuze iweyo, msuweni. Amaoneka bwanji amayi? Anawaveka duku lanji?"

Bokosi linali pambali panga nthawi yonseyo, koma maso anga anali pa laputopu. Nkhope ya azakhali nanenso sindinaione.