Tsiku Limene Amayi Anakana Atagwada

Ndikukumbukira chaka chimene galu wotchedwa Dyuku anabwera kunyumba kwathu ku South Bend, ku Amereka. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, Chichewa chitayamba kale kundilemera pakamwa. Amayi ankandilankhula m'Chichewa, ine n'kumayankha m'Chingerezi, iwo n'kumangopukusa mutu.

Amayi anali namwino pachipatala china m'tauni. Mnzawo wa kuntchito ndi amene anawalowetsa m'gulu lopulumutsa agalu otayidwa ndi ozunzidwa. Ankasunga galu kunyumba mpaka atachira, kenako n'kumupezera banja. Asanamupereke ankapita okha kukaona nyumba ya womufunayo, ndipo mawu omaliza ankakhala awo. Amalawi anzathu zinkawaseketsa zimenezi. Galu m'nyumba, munthu wamkulu wa ku Zomba n'kumamupukuta mapazi!

Dyuku anali chigalu chachikulu chofiirira, ndipo akauwa mawindo ankanjenjemera. Koma mantha ake, inu! Pakhosi anali ndi chipsera chozungulira chopanda ubweya, chifukwa mwini wake wakale anamumangirira kuseri kwa nyumba mpaka tcheni chinalowa m'mnofu. Akangomva makiyi akulira ankathawira pansi pa tebulo. Ine ndi amene ndinkamupaka mankhwala ndikaweruka kusukulu, iye atatsamiritsa chibwano pa bondo langa. Ndinamukonda galu ameneyu, ndipo ndinkadana nawo mawu amene amayi ankandikumbutsa, akuti uyu ndi mlendo, tsiku lina adzapita.

Ku Indianapolis kunali a Gondwe, mkulu wa mpingo. Titabwera kuchokera ku Malawi, bambo anga atamwalira, ndi iwo amene anatilandira pa eyapoti, natisunga kwawo, naphunzitsa amayi kuyendetsa galimoto pa sinowo. Amayi ankawatchula kuti bambo, ine ankolo. Tsiku lina anatipeza kunyumba akuchokera kuchinkhoswe, ndipo Dyuku anauwa kamodzi kokha. A Gondwe anaseka n'kunena kuti uyu ndiye galu, osati tiagalu tovala majuzi ta kuno. Akuba anali atawathyolera galaja, ndiye ankafuna mlonda. Anamupempha pomwepo.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ku Indianapolis tinkapitako kawirikawiri, kumapemphero, kumaphwando, kapena kukagula ufa m'masitolo a mu Lafayette Road. Dyuku akakhala kwa ankolo, ndiye kuti sindinamutaye. Komanso ndinkadziwa, monga mwana aliyense wa Chimalawi amadziwira, kuti munthu ngati a Gondwe sakanizidwa kanthu. Amayi anangoti abwera kudzaona malo monga amachitira nthawi zonse.

Tinapita Loweruka lina m'nyengo yozizira. Mbali zonse za msewu kunali minda ya chimanga yokolola kale, yoyera mbee ndi sinowo. Dyuku anagona pa miyendo yanga ulendo wonse, mpweya wake ukuchititsa nthunzi pagalasi.

A Gondwe anatitengera kuseri kwa nyumba akumwetulira. Anali atamanga kanyumba ka galu ndi manja awo: matabwa atsopano onunkhira, denga labwino, penti wobiriwira, bulangete mkati. Ndinene zoona, sanali munthu wankhanza. Kumudzi galu wokhala ndi nyumba yotere akanakhala bwana. Kenako anawerama n'kunyamula tcheni chatsopano chimene anachikhomerera pachitsulo, kuti ationetse kutalika kwake.

Tchenicho chitangolira, Dyuku anagwa chafufumimba. Anakodzedwa pomwepo, sinowo n'kusanduka wachikasu, ndipo kunjenjemera kwake ndinkakumva m'dzanja langa kudzera pachingwe. Ndinafulumira kunena m'Chingerezi kuti azolowera, ndi nkhani ya masiku ochepa chabe.

Amayi anafunsa modekha ngati galuyo angamagone m'nyumba. A Gondwe anayankha mosabisa kuti zimenezo ayi, kwawo galu salowa m'nyumba, ndipo mlonda wogona pa kapeti angalonde chiyani?

Tinalowa kukamwa tiyi, Dyuku titamubweza m'galimoto yofunda. Pabalaza pankanunkhira mandasi. Amayi sanakhudze kapu yawo. Anatulutsa chitenje m'chikwama, nachimanga pamwamba pa buluku, n'kukagwada pambali pa mpando wa a Gondwe. Ine ndinapumira m'mwamba. Kugwada kumene ndinkakudziwa kunali kopereka madzi osamba m'manja, kothokoza, kovomera. Ndinaganiza kuti basi, Dyuku watsala kwa ankolo.

“Bambo,” anatero amayi, “zimene munandichitira sindingathe kubweza. Mutapempha chinthu changa chilichonse, ndikupatsani lero lomwe. Koma galuyu si wanga, anachita kundisungitsa. Pa tcheni sabwererapo.”

A Gondwe anaika kapu pa tebulo pang'onopang'ono.

“Ndiye kuti galu waposa ine?”

“Ayi bambo. Koma inuyo mukavutika mumtima mutha kundiuza, ngati mmene mwachitiramu. Iye sangathe.”

Amayi anakhalabe chogwada, maso pansi, manja pa maondo. Sanabweze mawu amene ananena. Patapita kanthawi a Gondwe anawauza kuti adzuke, ndipo tinatsanzika. Sanatiperekeze pakhomo, chinthu chimene anali asanachitepo.

Pobwerera ndinalira kwambiri. Ndinawauza amayi kuti atichititsa manyazi, ndiponso kuti chifukwa cha iwo Dyuku apita kwa anthu achilendo. Sanandikalipire. Titayenda mtunda ndithu anati, “Tiya mwana wanga, iwe ukufuna malo oti uzikamuonako. Ine ndikufuna malo oti iye azikagonako tulo.”

Nkhani inafala, monga mukudziwa mmene timachitira Amalawife. Ena ankati Amereka wawalowa m'mutu amayi. Kwa nthawi yaitali moni wa a Gondwe unali wapakamwa chabe, ndipo amayi zinawapweteka. Ndinkawaona akutenga foni kuti awaimbire, kenako n'kuibwezera pansi. Pambuyo pake ubale unabwerera, koma za galu sanazitchulenso.

Dyuku anapita kwa mkulu wina amene anapuma ntchito yoyendetsa basi, wokhala yekha m'kanyumba kakang'ono kokhala ndi sofa wothaitha. Tsiku lokaona malo, amayi atamufotokozera za chipsera chija, mkuluyo anatulutsa makiyi m'thumba, nawakulunga m'kampango, n'kuwaika m'dilowa popanda womuuza. Dyuku anamununkhiza nsapato, kenako anagona pamapazi pake. Sindinamuonenso kuchokera tsiku limene tinakamusiya, ndipo mpaka lero ndimamusowa.

Pano ndimakhala ku Indianapolis, ndipo Loweruka lililonse ndine amene ndimagogoda m'makomo a anthu ofuna agalu. Ambiri ndi anthu abwino, ena ndimawadziwa, ena amandilandira ndi tiyi. Kukaniza munthu woipa n'kosavuta. Chovuta ndi kukaniza munthu wabwino amene wakonzekera ndi mtima wonse, koma nyumba yake si ya galu amene ndasungitsidwayo. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ulemu ndi kuvomera n'chinthu chimodzi. Amayi anawapatsa a Gondwe ulemu wonse umene anali nawo, koma galu sanawapatse.

Kanyumba kobiriwira kaja kakadalipo kuseri kwa nyumba ya ankolo, amasungamo makasu ndi mbewu za mpiru. Tcheni sindinachionenso. Chaka chatha ndikuwathandiza m'dimba, anaima n'kuyang'ana kanyumbako, kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati galu uja anakalamba bwino. Ndinawauza kuti eya, tinamva kuti anafera pa sofa, atakalamba kwambiri. Anagwedeza mutu.

“Mayi akowo,” anatero, “anagwada, koma sanasunthe.”