Ndinawotcha Miyendo Yanga Chifukwa cha Timitsempha

Ndinalola munthu amene si dokotala kundiwotcha miyendo, ndipo lero ndikuyenda motsimphina. Inu owerenga, ndatopa kuyankha aliyense payekhapayekha pamsika wa Chintheche, choncho ndinene kamodzi.

Ndinagwira ntchito yoperekera chakudya kwa alendo pa loji ina cha ku Kande kwa zaka zambiri. Kuima tsiku lonse, kuphatikizapo mimba zinayi, kunanditulutsa timitsempha tofiirira kuseri kwa mawondo, tonga ulusi wosokonekera. Sitinkawawa ngakhale pang'ono. Koma yunifolomu yathu inali siketi yolekeza m'mawondo, ndipo atsikana olembedwa kumene anali ndi miyendo yosalala. Ndinayamba kuopa kuti abwana andibweza kukhitchini, kumene alendo safikako. Palibe anandiuza zimenezo, ndinangodziopseza ndekha.

Kenaka msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi kamakina konga cholembera, kokhala ndi singano kunsonga. Anati kumeneko azimayi amawotcha nako timitsempha totere n'kuzimiririka. Ndinadzamva mochedwa kuti iye ankangokolopa pamalo ochitira zimenezo, ntchitoyo n'kumaionera pakhomo. Anandigoneka chafufumimba pamkeka n'kuyamba kubaya. M'nyumba munamveka fungo ngati tikuwaula nkhuku. Ndikabuula ankangoti, "Pirira msuweni, kanthu n'khama." Atatha anandilamula kuti miyendo isakhudze madzi sabata yathunthu.

Lamulo limenelo ndi la ku Joni. Kuno chinangwa changa chinali chitagona kale masiku anayi m'dziwe lomwe timaviikamo, ndipo chinangwa choviika sichidikira munthu. Ndikanachisiya chikanasungunuka, ufa wa kondowole wa mwezi wonse n'kuthera m'matope. Kupempha mnzanga kuti akandivuulire ndinachita manyazi, poti akanandifunsa chifukwa. Ndinalowamo ndekha mpaka m'ntchafu, m'madzi onunkha aja, miyendo ili matuza okhaokha.

Patapita masiku atatu mwendo wamanzere unatupa, matuza aja n'kusanduka zilonda. Ndinabisabe, kumanga nsanza n'kuphimba ndi chitenje, mpaka thupi linatentha moti amuna anga ananditengera kuchipatala panjinga yamoto. Namwino atamasula nsanza zija anandiyang'ana nati, "Ama, mwadzichita chiyani?" Ndinangolira. Msuweni uja n'kuti atabwerera ku Joni ndi kamakina kake.

Mwendo anaupulumutsa, koma chilonda chimodzi chimapola n'kutsegukanso. Kuima nthawi yaitali sindingathe. Ku loji anandidikira miyezi iwiri, kenaka analemba wina. Tsiku lotsanzikana ndinawaululira abwana zonse. Anadabwa, n'kundifunsa kuti ndikunena timitsempha titi. Zaka zonsezo anali asanationepo.

Ndatopa, inu owerenga. Ndatopa ndi mabandeji, ndi ulendo wa kuchipatala, ndi maso a azimayi anzanga kutchalitchi. Ngati chinthu pathupi panu chikukusowetsani mtendere, kafunseni kuchipatala, kwa anthu amene anaphunzira ntchitoyo. Wachibale wobwera ndi makina si dokotala, ngakhale atachokera kutali bwanji. Ndipo mukalakwitsa musabise, chifukwa ine chinandimaliza si moto wokha ayi, koma manyazi.

M'mawa uliwonse ndikamatsuka chilonda ndimatembenuza mwendo n'kuyang'ana. Timitsempha tija tikadalipo, pambali pa zipsera, ndipo mpaka lero sitinandiwawepo.