Sitolo ya Amalume Yomwe Kulibe

Ndine ndinayambitsa. Musavutike n'kufufuza. Chithunzi chija cha amalume anga a Yusufu, chomwe chazungulira Tembisa mpaka kukafika ku Mangochi, ndinachipanga ndine Juma, pa foni yanga yosweka galasi. Ndipo tinene zoona, chinatuluka bwino.

Amalume amagwira ntchito ya m'gadeni ku Kempton Park, muno mu Joni. Akamaliza kutsuka galimoto ya abwana awo amavala jekete, n'kutsamira pa boneti, mlonda wapageti n'kuwajambula. Chithunzicho chimapita pa gulu la pafoni la banja lathu kumudzi. Sanena kuti galimotoyo ndi yawo. Sanenanso kuti si yawo.

Ndiye ine ndinangowathandiza. Pali kaapu kena ka AI komwe umangokauza zomwe ukufuna. Ndinati: munthuyu umuimike pakhomo pa sitolo yaikulu, dzina lake pamwamba, makiyi m'manja. Kaapu kachifundo! Kanawawonjezera ndi kamimba ka anthu olemera. Ndinaponya pagulu paja n'kulembapo liwu limodzi: Alhamdulillah.

Eish. Foni ya amalume inatentha. Msuweni akufuna ntchito yapakauntala. Wina amene sitinamumvepo akuti ndi m'bale wa agogo, akufuna njinga ndi sola, thiransipota wonyamula katundu akamabwera kumudzi amalume asaiwale. Amalume anadziwa kuti ndi ntchito yanga, koma ulemu unawakomera. Ankangoyankha "tiona, tiona" ndi mawu okhuthala.

Kenako anaimba anti Mariamu, akazi awo, omwe akulera ana kumudzi m'nyumba yothonya. Ine ndinali pompo, m'kachipinda kathu ka kuseri kwa nyumba ya eni ake.

"Bambo a Amina, ndiye muli ndi sitolo? Ine ndikutchera mabeseni mvula ikamagwa, inu mukumera mimba? Akukudyetsani ndani kumeneko?"

"Mayi a Amina, mimba imeneyo si yanga!"

"Ndi ya ndani, ili pansi pa mutu wanu? Pano ndi pakwathu. Katundu wanu ndamanga, mawa ndikamusiya kwa ankhoswe."

Foni thii. Amalume anandiyang'ana ngati ndine udzu wofunika kutchetcha.

Tsono inu akuluakulu amene mukuti ana a masiku ano aonongeka ndi makina, dikirani kaye. Bodza la chithunzi linayamba ndi ine? Ndi angati muno mu Joni amene anajambulitsapo pageti ya eni ake, atavala nsapato zobwereka? Kumudzi anthu amaona zimenezo, mnyamata n'kugulitsa mbuzi za mayi ake, n'kukwera basi. Akafika amapeza bwana wa pachithunzi uja akugona pansi ndi anzake, mitu kuloza kuchitseko.

Kusiyana kwake n'koti kale bodza linkafuna jekete ndi galimoto. Lero likungofuna data. Ogulitsa malonda pafoni akuonetsa mafiriji amene sanawagwirepo, ena akulengeza ntchito za m'mafakitale omwe kulibe. Ngati ine, mwana amene masamu amandizunguza, ndamanga sitolo ndili chigonere, nanga wakuba weniweni amanga chiyani? Musanatumize chithunzi kwa wina, bwanji osamuimbira mwini wake pavidiyo, muone kumene waima?

Ndi zomwe zinapulumutsa banja la amalume. Anandigwira khutu, ndinaimbira anti pavidiyo, ndinaulula. Kenako ndinazungulitsa kamera: matiresi, ndowa, kasitovu, msomali wopachikapo jekete ija. Anti sanakhutire.

"Akweze malaya."

Amalume anakweza. Nthiti zokhazokha, zoti mutha kuimbirapo nyimbo. Anti anayesetsa kudzigwira, kenako anaphulika n'kuseka mpaka foni inagwa.

"Katundu ndimasula. Koma galimoto ija ndisadzaionenso. Ndipo kamwanako mukapatse ntchito."

Chilango changa chinali Loweruka lathunthu m'gadeni mwa abwana. Kukankha makina otchetchera, kuwola masamba, kutola za agalu, amalume akundijambula n'kumaponya pagulu kuti dziko lione Joni weniweni. Manja atuluka matuza, inde. Koma abwana anandipatsa nkhuku yootcha, ndipo asuweni kumudzi akuti atsikana akufunsa kuti kamnyamata kamphamvuko ndi ka ndani.

Pobwerera, mu takisi, ndinasuzumira foni ya amalume. Chithunzi cha sitolo chija achiika pagalasi lakutsogolo. Anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona:

"Juma, kaapu kako kaja, imvi kamachotsanso?"