Dothi loyera la amayi

Ndinabwerera kwathu ku Mua ndi kachikwama kamodzi, ndikuganiza kuti ndikhala mwezi umodzi basi. Amayi anali atadwala sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira. Atatuluka m'chipatala, abale tinakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana za wowasamalira. Achimwene aakulu amaphunzitsa ku Salima, achimwene ena amagwira ntchito yazaumoyo ku Ntcheu, onse ali ndi mabanja awo. Ine ndine mwana wamkazi yekhayo, wosakwatiwa, ndipo ku Lilongwe ndinkakhalira kujambula zithunzi ndi penti.

"Zojambulazo sizilira ofesi," anatero amalume. "Uzijambula pompano. Komanso mudzi ndi wa mwana wamkazi. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka."

Onse anavomera, nawonjezera kuti mutu umodzi susenza denga, azibwera kudzandipepuza. Dzuwa lisanalowe aliyense anali atakwera minibasi yake.

Chipinda chomwe malemu bambo ankasungiramo matumba a mpunga ndicho ndinachisandutsa chojambuliramo. Chili ndi zenera limodzi lazitsulo, loyang'ana kunjira yotsikira kumsewu wa tala. Masana malata amawotcha ngati uli mu uvuni wa njerwa. Ndikangogwira bulashi, amayi ankagogoda mpando ndi ndodo: madzi, kuchimbudzi, ntchentche. Sindinkapita kutali kuposa kumsika, ndipo ngakhale kumeneko ndinkagula zinthu mtima uli m'mwamba. Penti wanga atatha, ku Mtakataka ndinangopeza penti wa zitseko. Ndinkawakonda amayi, koma masiku ena ndinkadana kwambiri ndi kugogoda kwa ndodo ija.

Amayi ankadziwika m'mudzi monse ndi khonde lawo. Bambo pomanga nyumba simenti inawathera khonde lisanapangidwe, ndipo pambuyo pake amayi anaikana dala. Chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira ankazira: pansi makande akuda, m'munsi mwa khoma katondo wofiira, pamwamba pake dothi loyera mbee. Loyeralo limapezeka padambo lina cha ku Golomoti, ndipo limakumbidwa m'chilimwe chokha. Mvula ikangogwa pamakhala thamanda mpaka chaka chamawa. Ndili mwana ndinkalisenza ndikulira, khosi likupweteka.

Kusowa penti ndiko kunandikumbutsa dothilo. Amayi anandilongosolera malo ake ndi dzanja lamanzere, uku mtengo wa mgwalangwa, uku chulu. Ndinakumba, kuyanika, kusinja mumtondo, kusefa, kenaka kusakaniza ndi guluu wa akalipentala kuti ligwire pachinsalu. Ndinajambula zomwe ndinkaona tsiku ndi tsiku: zenera lazitsulo, mpando wa amayi, mthunzi wa mango, msana wa amayi ndikamawasambitsa. Zithunzizo zinaposa zonse zomwe ndinajambulapo m'tauni. Zimenezi zinandiwawa kwambiri, kuti nyumba yomwe yandimanga miyendo ndi yomwenso yanditsegula maso.

Ndinazijambula pafoni n'kutumizira mayi wina amene ali ndi malo oonetsera zithunzi ku Lilongwe. Anandiimbira tsiku lomwelo. Anati ndipite nazo mu Januwale, koma ndiwonjezere zikuluzikulu zodzaza khoma, za dothi lomwelo. Anatinso kuseri kwa malowo kuli kachipinda, ndikhoza kumagona momwemo n'kumagwira ntchito. Ndinakangana ndi achimwene aakulu pafoni mpaka khutu kutentha, ndipo pomaliza anavomera kuti mlamu wanga abwera kudzakhala ndi amayi. Amayi ndinawauza ndikuwapesa tsitsi. Anangoyang'ana kunjira.

Okutobala yense ndinathera padambo, ndikusiya amayi ndi mayi woyandikana nafe. Pofika Disembala mvula inali itayamba, dambo litadzaza, koma ine ndinali ndi dothi lokwanira. M'mawa wina ndinalisakaniza lonse ndi guluu m'mabeseni, loyera, lofiira ndi lakuda, n'kuwaika pakhonde pamthunzi poti m'chipinda likanauma msanga. Zinsalu zazikulu zinali kubwera pa minibasi, choncho ndinakwera kabaza kukazilandira ku Mtakataka. Amayi ndinawasiya pampando wawo pakhonde pomwepo, ndi kapu ya madzi.

Minibasi inachedwa. Ndinafika pakhomo dzuwa lili paliwombo, mpukutu wa zinsalu uli paphewa, ndipo mpando unali wopanda munthu. Amayi anali pansi. Anali atatsika okha, n'kudzikhwekhwereza mpaka pamabeseni. Chitenje chonse chinali matope. Ndi dzanja lamanzere ankatapa dothi langa loyera n'kumalipaka pakhoma, kufika pomwe dzanja la munthu wokhala pansi lingafike. Beseni la loyera linali litatsala lokokota.

"Amayi! Mwatani?" ndinakuwa. "Dothi limeneli ndi langa! Ndi la ntchito!"

Sanacheuke. "Khirisimasi... yayandikira."

"Mukudziwa kuti dambo ladzaza? Lina ndikalitenga kuti?"

"Khonde losazira," anatero, akupuma pakati pa mawu, "anthu aziti... muno mulibe mkazi."

Ndinaponya zinsalu pansi. Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kuuza kholo. Iwo anadikira mpaka nditatopa, kenaka anandiyang'ana ndi diso lomwe sitiroko sinakhudze.

"Iwe ukapita... azira ndani?"

Guluu anali atayamba kuuma m'zala zawo. Ndinatereka madzi, ndinawatsuka dzanja chala chimodzichimodzi, ndinawanyamula n'kuwabwezera pampando. Khonde linali lozira theka, ndipo kwathu kuno limenelo ndi lochititsa manyazi kuposa losazira n'komwe. Ndinagwada, ndinatapa lofiira ndi lakuda lotsalalo, ndinamaliza. Misozi inkagwera m'beseni, amayi ali pamwamba panga kundilozera ndi ndodo pomwe ndadumpha.

Nditamuuza kuti dothi latha, mayi wa ku Lilongwe anandimvera chisoni, nati tidzaone chaka chamawa. Kachipinda kaja anapatsa munthu wina. Achimwene nditawauza anaseka. "Dothi lomweli, chemwali? Kakumbe lina kuseri kwa khitchini." Mlamu sanabwerenso, poti panalibe chobwerera.

Mvula ya chaka chimenecho inakokolola makonde a m'mudzi monse, koma lathu silinasunthe. Guluu yemwe ndinaika kuti zithunzi zanga zikafike ku Lilongwe ndi amene anagwiritsa dzanja la amayi pakhoma. Mpaka lero zikuoneka: mizere yokhota ya zala zawo, pena yothithikana, pena yopyapyala pomwe mphamvu zinawathera, ndi chikhatho chathunthu pomwe anatsamira kuti asagwe. Anthu opita kumisa amaima n'kumayang'ana. Inenso ndimayang'ana m'mawa uliwonse ndikamasesa, ndipo ndimapsa mtima, chifukwa palibe chithunzi changa chomwe chimafika pamenepo. Ndayesa kutsanzira mizereyo pachinsalu, ndi dzanja lamanzere lomwe, koma imatuluka yaulemu kwambiri. Ndipo khoma sungalikweze pa minibasi.

Ngati anachita dala kapena ayi, sindikudziwa. Ndimawafunsa mumtima ndikamawadyetsa phala, koma pakamwa sindinawafunsepo. Chaka chamawa chija chinafika n'kudutsa, china chinabweranso. Mayi wa ku Lilongwe uja masiku ano amangoyankha pafoni ndi kachithunzi ka manja opemphera. Zinsalu zazikulu zija zikadali chikulungire pamwamba pa kabati.

Okutobala uno ndinapitanso kudambo. Ndinabwerako thukuta lili kamukamu, khosi likupweteka ngati kale. Ndikutula thumba pakhonde, amayi anagogoda mpando ndi ndodo kuti ndicheuke.

"Limenelo," anafunsa, "ndi la khonde... kapena la ulendo?"

Ndinalowetsa thumba m'chipinda, ndinakhoma chitseko, n'kupita kukatereka madzi awo osamba.