Phazi Lamanzere la a Graciete

A Abílio Sampaio sadziwa anthu ndi nkhope. Mukakumana nawo pamsewu amayamba ayang'ana pansi, ndipo akazindikira nsapato ndi kapondedwe kanu m'pamene amadzutsa mutu n'kupereka moni. Malemu amuna anga anagwira nawo ntchito pafakitale ina ya nsapato kuno ku Felgueiras. Pamaliro, a Abílio anandipepesa ponena kuti tataya munthu wa zidendene zabwino. Ndinathokoza.

Ntchito yawo ndi yokonza zikombole, mapazi ouma aja amene amaumbirapo nsapato. Anayamba kalekale, akupala mtengo ndi tupa. Makompyuta atabwera anzawo ambiri anapita kopuma, koma iwo anangosuntha mpando. Ndinawaonapo ali pantchito tsiku lina nditapititsa chakudya cha amuna anga. Pagalasi la kompyuta panali phazi lotuwa, lokutidwa ndi ukonde wa timadontho. Akagwira kadontho kamodzi n'kukakoka pang'ono, chidendene chonse chinkafufuma ngati mtanda wa buledi. Akakabweza, chinkaphwa. Ankalitembenuza phazilo uku ndi uku, n'kumalisuzumira kunsi. Anandiuza kuti m'menemo mulibe phazi, muli masamu okhaokha. Ine ndinaona phazi.

M'ntchito imeneyi amakonza phazi lamanja lokha. Lamanzere salivutikira. Amadina batani, makina n'kulitembenuza lamanjalo ngati pakalilole.

Chaka chatha akazi awo, a Graciete, anatuluka chilonda kuphazi lamanzere chifukwa cha shuga. Madokotala anadula zala ziwiri, nanena kuti chikapanda kupola adula mpaka m'bondo. A Graciete anawinda kwa Roke Woyera kuti akachira adzapereka phazi loumbidwa ndi phula la makandulo pachikondwerero chake cha mu Ogasiti. Chilonda chinapola. Ine ndi amene ndimasesa m'katchalitchi ka woyerayo ndi kusamala shelefu ya zowinda, pamene pali miyendo, manja, mitima ndi timitu ta ana, zonse zaphula. N'chifukwa chake nkhaniyi inandipeza.

Mapazi aphula amagulitsa pakhomo pomwepo. A Abílio ananyamula limodzi, naliyang'ana kunsi, nalibweza.

"Ili si phazi. Ndi mbatata."

"Anthu onse amapereka zomwezi, bambo inu," anatero a Graciete.

"Anthu onse amavalanso nsapato zowapweteka."

Anati apanga okha. Anawayeza akazi awo phazi, nakhala pakompyuta nthawi ya nkhomaliro chilimwe chonse akukoka timadontho. Makina anasema chikombole, iwo nathiramo phula. Chikondwerero chitayamba anabwera nalo atalikulunga m'thawulo, a Graciete ali pambuyo ndi ndodo yawo.

Linali lokongola. Zikhadabo zinalipo, mitsempha inalipo, ngakhale kachithupsa ka pakakolo. Ndikuliyang'anira malo pashelefu, a Graciete anandigwira mkono.

"Bambo inu, ili ndi phazi liti?"

"Lanu, mayi."

"Ndati liti."

A Abílio analiyang'anitsitsa. Linali lamanja.

"Ndiye mwabwera kudzathokoza woyera chifukwa cha phazi limene silinadwalepo?"

"Ndi nkhani ya batani limodzi. Ndikadina litembenuka."

"Litembenuka ndi zala zisanu. Ine ndili nazo zitatu. Mukufuna Roke aziti ndine wabodza?"

Sankaseka. Kwa a Graciete, chowinda chosakwaniritsa chimabweza chilonda. Chikondwerero chinali kutha Lamulungu, ndipo chifanizo cha woyera chimene amanyamula pamdipiti chikabwerera m'katchalitchi, chowinda chimadikira chaka chinacho. Bambo mfumu amati woyera sawerenga zala. Koma mwendo sunali wa bambo mfumu.

"Munthu uyu, a Deolinda," anandiuza a Graciete amuna awo ali pomwepo, "amayang'ana mapazi a tawuni yonse. Langali, chichokereni kuchipatala sanaliyang'anepo. Ndikayamba kuvula sokosi, iye amakathirira kabichi. Kabichi wathu watsala pang'ono kumira."

A Abílio anapinda thawulo lija bwinobwino n'kutuluka.

M'mawa mwake ndinawapititsira msuzi kunyumba. Fakitale inali yotseka, monga zimakhalira mu Ogasiti, koma a Abílio anali atapempha kiyi kwa kapitawo ndipo kompyuta inali patebulo la kukhitchini. Ndinawapeza atagwada pansi, phazi lamanzere la akazi awo lili pamiyendo pawo, thukuta lili kamukamu. A Graciete ankasenda mbatata pamwamba pa mutu wawo.

"Musachite kulisisita ngati mphaka. Yezani."

"Likupweteka?"

"Linapweteka mu Febuluwale. Mwachedwa kufunsa."

Atatha kuyeza anakhala pakompyuta. Anadina batani lija, phazi linatembenuka. Anachotsa zala ziwiri, ukonde unasiya dzenje, iwo nayamba kulitseka kadontho ndi kadontho. Koma dzanja lazolowera. Pomaliza malowo anali see, osalala ngati tsaya la khanda.

A Graciete anasuzumira.

"Mwasalazanso. Bwezani chipsera changa."

"Makinawa sakonda zokhotakhota, mayi."

"Nanenso sindinazikonde."

A Abílio anayang'ana pansi pa tebulo, nayang'ana pagalasi, nayamba kukoka timadontho tolakwika dala: aka kulowa m'kati, aka kukwera, aka kupendekera kumene dokotala anasokera mothamanga. Kawirikawiri dzanja linkafuna kuwongola, iwo n'kulibweza. Ndinasiya msuzi pachitofu n'kubwerako.

Lamulungu masana mdipiti unali ukukwera kale chitunda pobwerera, malipenga akumveka pafupi ndi buchala, pamene a Abílio anatulukira kuchokera kufakitale atavala jekete ya ukwati. Phula linali likadali lofunda. A Graciete anali atakhala pabenchi yakutsogolo chiyambire m'mawa. Analilandira, nawerenga zala ndi chala chawo, nayendetsa chikhadabo m'chipsera muja. Anagwedeza mutu. Kenako anaima okha, osatenga ndodo, nakaliika pashelefu, n'kupemphera mwachidule. Woyera analowa pakhomo iwo atamaliza.

Ndinafunsa za lamanja lija, ngati alitenga.

"Lisiyeni pomwepo," anatero a Graciete. "Lanyamula thupi lonseli lokha miyezi yonseyi. Nalonso lipume."

Choncho pashelefu yanga, pakati pa mbatata zonse zija, pali mapazi awiri a munthu mmodzi, zala zisanu ndi zitatu. Chilonda sichinabwerere. A Graciete tsopano amavala nsapato yamanzere yokhala ndi chikombole chakechake, choyamba chimene a Abílio anakonza osadina batani.

Loweruka lililonse ndikamasesa, a Abílio amabwera. Amapatsa moni nsapato zanga, amagwada kwa woyera, kenako amaima pashelefu manja ali kumbuyo. Amati chidendene chamanzerecho chikufunika kukoka pang'ono chabe, ndiwabwereke Lolemba abweza. Sindiwapatsa.